Kukonzekeretsa Nsalu ya Luso Kuti Ipite ku Chionetsero Choyendayenda

Chionetsero cha nsalu za luso zosokedwa mophatikiza chotchedwa Quilt National, chomwe chinayamba mu 1979 ku Dairy Barn Arts Center mumzinda wa Athens ku Ohio m'dziko la America, chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo chikatha, zina mwa nsalu zosankhidwa zimayendayenda m'mizinda ina. Nsalu yotere imadutsa m'manja ambiri, choncho iyenera kukonzedwa bwino isanachoke pakhomo.

Yambani ndi kusokerera kathumba kopingasa kumbuyo kwake, chakumtunda, kotakata masentimita 10, kuti mulowe ndodo yopachikira ndipo pasapezeke wina woiboola ndi misomali. Pakona ya kumunsi sokereranipo kansalu kolembedwa dzina lanu, mutu wa ntchitoyo ndi chaka.

Potumiza musaipinde, chifukwa mopindikamo ulusi umafooka, ndipo makwinya ake savomera kuchoka msanga. Ikulungeni pa chubu chachikulu chokutidwa ndi pepala lopanda asidi, mbali yokongola ikhale kunja, kenako muiphimbe ndi nsalu ya thonje yochapa. Kuisiya nthawi yaitali m'pulasitiki kumatsekera chinyontho, ndipo chinyonthocho chimabweretsa nkhungu.

Pemphaninso oyang'anira chionetsero kuti kuwala kusapitirire 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), popeza kuwala kwambiri kumasulutsa utoto, ndipo utoto ukasuluka subwereranso.