Kukonza masilaidi okopa oika ndalama mu bizinesi yatsopano

Mukamakonza masilaidi oonetsa anthu amene mukufuna kuti aike ndalama mu bizinesi yanu yatsopano, yambani ndi vuto limene makasitomala akukumana nalo, osati mbiri ya kampani. Guy Kawasaki, katswiri wa zamalonda wa ku America, amalangiza kuti masilaidi akhale 10, kufotokoza kusapitirire mphindi 20, ndipo saizi ya zilembo isachepere 30, chifukwa zilembo zikuluzikulu zimakukakamizani kuchotsa mawu osafunika.

Silaidi yofunika koposa, m'kuona kwanga, ndi yoonetsa makasitomala amene alipira kale, pakuti malonda enieni, ngakhale akhale ochepa, amakhutiritsa kuposa ziwerengero zongoyerekeza za zaka zisanu zikubwerazi. Musaiwale kutchula ndalama zimene mukupempha, ntchito imene zidzagwire, ndiponso kuti zidzakwanira miyezi ingati.