Achinyamata, yezani akalozera mvula isanagwe

Amene munali ku Chilobwe, ku Mulanje kapena ku Phalombe mu Marichi 2023 mukudziwa zomwe madzi amachita akatsika m'phiri popanda chowatchinga. Namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Chaka chotsatira tidalira maliro ena: ng'amba ya El Niño idaumitsa chimanga chisanabereke, mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Ukafika m'munda, mavuto awiriwa amakumana pamodzi. Mvula ikagwa madzi amathamanga n'kukokolola chonde, ndipo ikadula sabata ziwiri nthaka imauma ngati sidamwepo.

Ntchito yoimitsa madziwa ndi yanu, anyamata ndi atsikana. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, choncho nthaka ikukokoloka lero ndi yomwe mudzalime inu mawa. Komanso kuyeza akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka yomwe imatchinga madzi ndi kulondolera mizere ina yonse ya m'munda, kumafuna miyendo yokwera ndi kutsika mtunda tsiku lonse, ndi maso akuthwa. Agogo sangathe, ndipo mlangizi mmodzi sangafike munda uliwonse.

Chipangizo choyezera mutha kukhoma nokha osagula kanthu. Dulani mitengo iwiri yowongoka yotalika mamita 2, muimange pamwamba, kenako mupingase wina wamfupi pakati kuti chioneke ngati chilembo cha A. Pansonga mangani chingwe, kunsi kwake mulendewetse mwala. Pano mpamene ambiri amalakwitsa chifukwa chofulumira. Imikani chipangizocho pansi, dikirani mwala ukhazikike, mulembe pomwe chingwe chakhudza mtengo wopingasa. Tembenuzani kuti miyendo isinthane malo, mulembenso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo mpamene pali muyeso woona. Mukadumpha zimenezi, kalozera wanu adzapendekera, madzi adzasonkhana mbali imodzi, ndipo mudzakhala mwakumba chigwembe ndi manja anu.

Yambirani kumtunda kwa munda nthawi zonse. Khomani chikhomo pa mwendo woyamba, sunthani wachiwiri mpaka chingwe chifike pachizindikiro chapakati, mukhomenso china. Zungulitsani chipangizo pamwendo umodzi, muzipita chotero mpaka kumalire. Mukatha, imani patali muone mzere wa zikhomo, ndipo chomwe chatuluka kwambiri muchibwezeko pang'ono kuti kalozera asakhale ndi makona akuthwa. Unjikani mzere waukulu motsata zikhomozo, muupondeponde kuti ulimbe. Pamalo otsetsereka kwambiri akalozera ayandikane, pamalo ogona atalikirane. Mlangizi wa dera lanu kapena mlimi wotsogolera akuuzani mtunda woyenera akaona mundawo. Anthu atatu akukwana: wogwira chipangizo, wokhoma zikhomo ndi wonyamula. Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala, chizimalupsa chisanagwe.

Chovuta sichikhala kuyeza ayi. Chovuta n'choti munda ndi wa makolo, ndipo kalozera amafuna kuti mizere yonse yakale igumulidwe, iunjikidwenso momutsata. Bambo amene akhala akulima mizere yoloza kumunsi kuyambira unyamata wawo sangavomere chifukwa choti mwana wabwera ndi nzeru za kukalabu. Musakangane nawo. Pemphani kachigawo kakang'ono, makamaka komwe kwayamba kuguga, mukagwire bwino: mizere yotalikirana masentimita 75, yotsekedwa ndi mabokosi (timizere tating'ono topingasa pakati pa mizere) kuti madzi adikhe m'ngalande, mapesi osawotcha. Ikadzadula mvula mu Januwale, aitaneni adzaone okha mbali yomwe chimanga chafota ndi mbali yomwe chikadali chobiriwira. Ine ndimakhulupirira kachigawo kotere kuposa misonkhano khumi ya pansi pa mtengo.

Kalozera wopanda udzu sachedwa kugumuka, n'chifukwa chake timabzalapo vetiva mvula ikakhazikika. Zulani phata, mudule masamba kutsala masentimita 15 mpaka 20, mufupikitse mizu, mugawe timaphata ta nthambi zitatu. Bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15, osapitirira apo, kuti udzuwo ugwirane n'kukhala mpanda wosefa dothi. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita 2 kapena kuposa, sitambalala m'mbali kukalimbirana chakudya ndi chimanga. Musaope kuti udzafalikira m'munda ngati tchire, chifukwa mtundu womwe timabzala suchulukana ndi njere.

Mbewu ya vetiva imasowa m'midzi yambiri, ndipo apa pali mwayi wa kalabu yanu. Pemphani mfumu malo achinyontho kudimba, mutsegule nazale, chaka chamawa mudzagawane ndi kugulitsako kwa alimi anzanu. Gulu lodziwa kuyeza lithanso kumalembedwa ganyu m'minda ya ena, ndalamayo n'kumaika kubanki m'khonde.

Ikagwa mvula yamphamvu yoyamba, musakhale m'nyumba m'mawa mwake. Yendani motsata kalozera aliyense, pomwe madzi aboola mutseke tsiku lomwelo, pomwe vetiva wafa mubwezeretse. M'chilimwe mumwete udzuwo kutsala pafupifupi masentimita 40, ndipo womwetawo muphimbire nthaka kapena mufolere khola.