Mmene Mungagawire Zipinda Zophunzirira Pamene Madipatimenti Akulimbirana

Semesita ikamayandikira m'mayunivesite a mu Harare, kaya ndi ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kapena ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, munthu wokonza ndandanda wa maphunziro amapeza kuti aphunzitsi angapo apempha holo imodzi pa ola limodzi. Mkangano wotere suthetsedwa bwino pa tsiku limene wabuka. Umafuna malamulo olembedwa, ovomerezedwa ndi akuluakulu a yunivesite mapempho asanayambe kufika, ndipo lamulo loyamba linene kuti chipinda chilichonse ndi cha yunivesite yonse, osati cha dipatimenti imene inazolowera kuphunzitsiramo.

Yambani ndi fomu imodzi ndi tsiku limodzi lotsekera mapempho. Pa fomuyo mphunzitsi alembe chiwerengero cha ophunzira amene analembetsadi, zipangizo zimene phunzirolo likufuna, ngati m'kalasimo muli wophunzira waulumali, komanso nthawi ina imene angavomere ngati yoyambayo italephereka. Wochedwa kupempha asankhe pa zotsala.

Mukayamba kugawa, tsogozani makalasi amene alibe kwina kopita. Phunziro lofuna labu kapena makompyuta silingasamutsidwire m'chipinda cha mabenchi okha, ndipo kalasi imene muli wophunzira woyenda pa njinga ya olumala iyenera kukhala m'chipinda chapansi chofikika mosavuta. Ichi si chifundo chabe, pakuti gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 limalamula boma kuti, malinga ndi chuma chimene lili nacho, lipereke zofunikira zapadera pa maphunziro a anthu aulumali. Kenako ikani makalasi akuluakulu, makamaka a chaka choyamba amene amasonkhanitsa ophunzira a m'madipatimenti osiyanasiyana, chifukwa maholo owakwana ndi ochepa ndipo mukawasiya kumapeto mudzakakamizika kuphwasula ndandanda wonse. Maphunziro okakamiza atsogole pa osankha, timagulu tokambirana tibwere pambuyo, ndipo misonkhano ndi anthu akunja obwereka holo akhale omaliza. Udindo wa wopempha usalowe m'ndondomeko imeneyi. Ndimaona kuti pamenepa ndi pamene chilungamo chimasokonekera kawirikawiri, chifukwa kalaliki amavutika kukanira pulofesa, ndipo lamulo lolembedwa ndi lokhalo limene lingamuteteze.

Moyo wa mumzinda uno ulowenso m'kuweruza kwanu. Zipinda zimene zili ndi jenereta kapena sola zipite kwa maphunziro amene amaima magetsi akazima. Ophunzira ochokera m'matauni a kunja kwa Harare monga Chitungwiza, Norton kapena Ruwa amadalira makombi (maminibasi), choncho kalasi ya m'mamawa kwambiri kapena yotuluka usiku imawalemera kuposa okhala m'mahositelo. Kumbukiraninso Asilamu, amene ambiri mwa iwo ndi abale athu ochokera ku Malawi, pa mapemphero a Lachisanu masana, ndi a Seventh-day Adventist pa Loweruka.

Mapempho awiri akafanana pa zonsezi, itanani aphunzitsi onse awiri pamodzi, muwaonetse ziwerengero ndi zipinda zimene zatsala. Ngati palibe wogonja, asinthane: wina atenge holoyo semesita ino, mnzake semesita yamawa, ndipo panganolo lilembedwe ndi kusainidwa kuti lisadzaiwalike wokonza ndandanda akasintha.

Ntchito imene ambiri amainyalanyaza ndi kuyendera zipindazo sabata yachitatu, kulembetsa kutakhazikika. Werengani anthu amene ali m'kati, ndipo muone ngati chipinda chosungitsidwa chikugwiradi ntchito. Masamu ake ndi osavuta. Holo ya mipando 200 ikagwiritsidwa ntchito maola 30 mwa maola 40 a pa sabata, imaoneka yotanganidwa, koma ngati nthawi zonse mumakhala anthu 100 okha, ndiye kuti mwa mipando 100 iliyonse, yosakwana 38 ndi imene ikupindula. Kalasi yaing'ono yopezeka m'holo yaikulu isamutsidwe, ndipo chipinda chimene chakhala chopanda anthu masabata awiri otsatizana popanda chifukwa chibwerere kwa inu kuti mupatse ena amene ophunzira awo akuimirira pa zenera.

Ndandanda wovomerezeka ukhale umodzi wokha, wosungidwa mu ofesi imodzi. Aphunzitsi akagwirizana kusinthana zipinda pa WhatsApp, kusinthako kusagwire ntchito mpaka kutalembedwa mu ofesiyo. Mapulogalamu aulere a pakompyuta monga FET amathandiza kupeza makalasi ogundana, koma sangakuuzeni woyenera kutsogola. Wosakhutira ndi chigamulo chanu akhale ndi kokadandaula kumodzi, kwa mlembi wamkulu wa yunivesite kapena komiti yoona za ndandanda, ndipo ayankhidwe mwa kalata pasanathe sabata imodzi, kalasiyo ikupitirizabe kuphunzirira m'chipinda chimene inapatsidwa.