Ma Linux awiri pakompyuta imodzi: gawanani nkhokwe, osati chipinda chogona

Mnyamata wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, yemwe agogo ake adachokera ku Dedza, adandibweretsera laputopu akudandaula. Adaikamo Debian ndi Fedora, mitundu iwiri ya Linux, onse pa /home imodzi, foda yomwe imasunga zinthu za mwini kompyuta. Akakonza desktop yake ku Fedora, kubwerera ku Debian amapeza zinthu zabalalika. Ndidamuuza kuti achimwene, vuto si makina. Mwagoneka mabanja awiri m'chipinda chimodzi.

Mu /home simukhala zithunzi ndi makalata okha ayi. Muli mafayilo ndi mafoda obisika, oyamba ndi kadontho, monga .config ndi .local, momwe pulogalamu iliyonse imalemba zokonda zanu. Mapulogalamu a ku Fedora amakhala atsopano, a ku Debian okalambirako, ndiye wina akalemba, mnzake amawerenga molakwika. Choncho Linux aliyense akhale ndi / yake, malo omwe iye mwini amakhala, ndiponso /home yake.

Chogawana chikhale partition yachitatu, ndiye kuti chigawo china cha disiki, ya katundu yekha. Yambani mwakopera zonse zofunika pa disiki ina, kenaka dulani malowo ndi pulogalamu ya GParted, muwafomate ext4. Lamulo la blkid likuonetsani UUID yake, nambala yaitali yozindikiritsa partition imeneyo. Ilembeni mu /etc/fstab, fayilo youza Linux ma partition oti azitsegula poyaka, ya mbali zonse ziwiri kuti partition yanuyo izitseguka pa /data, ndipo muwonjezere mawu oti nofail kuti kompyuta iziyakabe ngakhale partition imeneyo itasowa. Musalembe /dev/sda3, mayina amenewa amatha kusintha mukalumikiza disiki ina. Mukatero samutsirani Documents, Pictures ndi Music kumeneko, muzilumikize ku /home iliyonse ndi lamulo la ln -s.

Apa ndiye ambiri amapunthwa. Linux sadziwa munthu ndi dzina, amamudziwa ndi nambala. Munthu woyamba kulembedwa ku Debian, Ubuntu kapena Fedora amapatsidwa nambala 1000, yomwe imatchedwa UID. Ngati uku ndinu 1000 koma uko ndinu 1001 chifukwa mudayamba kulemba mlongo wanu, mafayilo anu omwe akukanani ngati mlendo. Lembani lamulo la id mbali zonse, muyerekeze manambalawo, ndipo mukonze umwini wa mafayilo ndi lamulo la chown.

Partition ya EFI, ija ya FAT32 yosunga mafayilo oyatsira kompyuta, gawanani bwinobwino, koma poika Linux wachiwiri musaifomate.

Swap, malo a pa disiki othandizira RAM, ndiyo yofuna maso, makamaka kuno ku Harare komwe magetsi amathima osatsanzika. Batire likamatha ambiri timathamangira ku hibernate, kugoneka kompyuta osatseka ntchito, ndipo zonse zomwe zinali mu RAM zimakagona mu swap. Mukayatsa Linux winayo n'kugwiritsa ntchito swap yomweyo, ntchito ija yapita. Choopsa kuposa apo, /data imakhala idakali m'manja mwa wogonayo. Winayo akalembamo, wogonayo podzuka amapitiriza ndi zomwe ankadziwa kale, mafayilo n'kuwonongeka. Ine ndimati zimitsani kompyuta kwathunthu musanasinthe mbali, ngakhale magetsi abwere pakati pa usiku muli pachangu.

Dziwaninso kuti poika Debian, swap yomwe waipeza amaifomata, UUID n'kusintha. Linux yemwe adaikidwa kale uja poyaka amaima mphindi imodzi ndi theka kudikira swap yomwe kulibe. Musathamangire kwa okonza makompyuta m'tauni, ingolembani UUID yatsopano mu fstab yake. A Ubuntu izi siziwakhudza kwenikweni, poti kuyambira 17.04 amagwiritsa ntchito swap ya fayilo.

Mnyamata uja tidamusamutsira katundu wake ku /data tsiku lomwelo. Chomwe chidatidya nthawi ndi kukopera mavidiyo a ukwati wa azakhali ake.