Kansomba ka sixline wrasse kazilowa komaliza m'thanki, ndipo thankiyo muzivindikira

Anzanga amene mwayamba kuweta nsomba za m'madzi amchere, tiyeni tikambirane za kansomba kena kamene anthu ambiri amathamangira kugula chifukwa ndi kotchipa komanso kokongola, koma akakafika nako kunyumba nkumadandaula. M'mashopu amakatchula kuti sixline wrasse, akatswiri amati Pseudocheilinus hexataenia. Ndi kakang'ono ndithu, sikadutsa masentimita 10 ndipo tambiri timathera pa 7 kapena 8 basi. Thupi lake ndi labuluu mopita ku pepo, muli mizere 6 yaolenji yoyenda kuchoka kumutu mpaka kumchira, maso ofiira psuu okhala ndi timizere tiwiri toyera. Kwawo ndi m'nyanja za Indian ndi Pacific, kuyambira ku Red Sea kutsika ndi gombe la Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal, ndipo kumeneko kamakhala kozembazemba m'kati mwa makorali (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala) a nthambi, sikakonda kuyenda poyera.

Amene munawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi mtima wa kansomba aka simuudabwa, kamateteza malo ake ngati mbuna yamphongo ili pa mwala wake. Koma madziwo ndiye nkhani ina. Musayerekeze kuthira mchere wakukhitchini m'madzi apampopi nkumati mwapanga nyanja, ayi. Pamafunika mchere wopangidwira mathanki omwewa, wosungunulidwa m'madzi osefedwa ndi makina a RO (osefa madzi mpaka kuchotsa mchere ndi zina zosungunuka), ndipo muziyeza ndi chida choyezera mchere chotchedwa refractometer kuti muone ngati chikuwonetsa 1.025 kapena 1.026, womwe ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita ngati m'nyanja momwemo. Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 26, pH (muyeso wa asidi m'madzi) 8.1 mpaka 8.4, ammonia ndi nitrite (poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba) zikhale pa ziro. Madzi akamauma ndi kutentha amene amachoka ndi madzi okha, mchere umatsala, ndiye powonjezera muzithira madzi opanda mchere. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amawonjezera amchere mpaka nsomba kumapuma mwabefu osadziwa kuti vuto lili pati. Amchere atsopano ndi apamene mukusintha madzi, mbali imodzi mwa magawo 10 pa sabata kapena masabata awiri.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi, kansomba aka musakaike poyamba. Ndikudziwa kuti wogulitsa akuuzani kuti ndi kolimba, sikafa msanga, nzoona, koma kulimba komweko ndi kumene kamavutira. Kakalowa koyamba m'thanki kamayendera mphako iliyonse, mwala uliwonse nkuutenga ngati wake, ndiye pakatha miyezi ingapo mukabweretsa nsomba yofatsa ngati firefish kapena royal gramma kapena wrasse ina yofatsa ngati za mtundu wa Cirrhilabrus ndi Paracheilinus, mlendoyo sapuma. Kamamuthamangitsa m'mawa mpaka madzulo, kumuluma zipsepse, iye nkukakhala pakona pamwamba pafupi ndi pampu osadya, pakutha sabata wafa kapena wadumphira kunja. Kali kakang'ono kamaoneka kamanyazi, nkhanza zimabwera kakamakula. Ndiye ikani kaye nsomba zonse zofatsa zimene mukufuna, zikhazikike, zizolowere kudya, aka kabwere kumapeto ngati mlendo. Ndipo kakhale kamodzi kokha, tiwiri m'thanki yaing'ono ndi nkhondo. Ine thanki yochepera malita 150 sindingalangize, ngakhale ena amati 110 imakwana, imakwanadi kwa iko kokha koma anzakewo athawira kuti?

Ngati kali kale m'thanki ndipo mukufuna kubweretsa nsomba yatsopano, yatsopanoyo muiike kaye m'kabokosi kapulasitiki koonekera kokhala ndi timabowo, kopachika m'kati mwa thanki momwemo, masiku atatu kapena asanu, aziwonana koma osakhudzana. Ena amamata kagalasi koyang'anira nkhope kunja kwa thanki kuti kazilimbana ndi chithunzi chake, zimathandiza kwa masiku ochepa. Zikakanika ndiye kukachotsa, ndipo apa ndikuchenjezeni, kukagwira ndi kaneti m'thanki yodzaza miyala ndi ntchito yolemetsa, kamangoti zii m'mphako kakangoona dzanja. Yesani msampha wa botolo loonekera mutaikamo chakudya m'kati, musakadyetse tsiku limodzi kuti njala ikakoke, apo ayi muphwasula miyala yonse ndi makorali omwe.

Chachiwiri ndi chivindikiro, ndipo apa ndikulankhula zimene zinandionekera. Kanga koyamba ndinakhala nako miyezi isanu ndi iwiri, kanali katazolowera moti ndikangofika pafupi kamatuluka nkuyima pagalasi maso ali gwa kuyang'ana dzanja langa. Thanki inali ndi chivindikiro koma kumbuyo ndinasiya kampata kolowera waya wa hita, kongokwana zala ziwiri. Tsiku lina m'mawa sikanatuluke kudzadya, ndinaganiza kuti kabisala, madzulo nditasuntha kabati ndinakapeza pansi kali gwa katauma, nyerere zitakazungulira, mizere yaolenji ija ikuonekabe. Zinandiwawa kwambiri chifukwa kanali kabwinobwino, sikamadwala. Wrasse iliyonse imadumpha ikadzidzimuka, kaya ndi magetsi oyaka mwadzidzidzi kaya mwana wamenya galasi. Pangani felemu nkukokapo neti yoonekera ya mabowo osapitirira mamilimita 6, neti imalola mpweya ndi kuwala kudutsa kusiyana ndi galasi limene limasunga kutentha, ndipo pamene pakudutsa mawaya ndi mapaipi mutsekepo ndi siponji.

Miyala ikhale yambiri, ya mphako ndi tinjira todutsa, osangounjika ngati mulu wa njerwa. Kamagona momwemo, usiku kamalowa m'mng'alu nkudzikuta ndi kachikwama koterera ngati mamina kamene kamatulutsa kokha, akuti kamabisa fungo lake kwa adani. M'mawa mukaona kanthu koyera ngati ulusi wa kangaude kakuyandama musachite mantha, si matenda, ndi zogonera zake za usiku. Pamenepa kamasiyana ndi abale ake ena. Wrasse yachikasu ija ya Halichoeres chrysus ndi za mawanga za Macropharyngodon zimagona zitadzikwirira mumchenga, ndiye izozo zimafuna mchenga wosalala wokuya masentimita 5 kapena kuposa, ndipo zikangofika kumene zimatha kukhala pansi pa mchenga masiku angapo, musafukule. Funsani dzina lenileni musanagule chifukwa banja la ma wrasse, lotchedwa Labridae, lili ndi mitundu yoposa 600 ndipo zina zimakula mpaka kugubuduza miyala.

Kudya sikavuta. Tsiku lonse kamakhala kakujompha pamiyala kusaka tizilombo ting'onoting'ono, ma copepod ndi ma amphipod, nchifukwa chake thanki yatsopano yoyera mbee siyabwino, idikire miyezi ingapo kuti miyala ikhale ndi zamoyo. Anthu amakakondanso chifukwa kamadya tinyongolotsi tophwatalala timene timavutitsa makorali ndi tinkhono tating'ono toyera timene timayamwa nkhono zikuluzikulu za Tridacna, koma musakagule ngati mankhwala, kena kamadya kena sikalabadira nkomwe. Inu muzikapatsa mysis (tizilombo ta m'madzi tonga tishirimpi) wa m'firiji mutamusungunula kaye m'kakapu ka madzi a m'thanki, nthawi zina tizilombo tina totchedwa brine shrimp, ndi timibulu ting'onoting'ono ta nsomba zodya nyama, pang'onopang'ono kawiri kapena katatu patsiku, zoti zithe m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Kamimba kake nkochepa koma sikakhala phee, ndiye kudyetsa kamodzi kochuluka kumangoipitsa madzi iko nkukhalabe ndi njala, ndipo ndaona kuti kakakhala ndi njala ukali umawonjezeka. Makorali sikadya. Tishirimpi ting'onoting'ono tokongoletsa ndiye tili pachiswe kakakula. Ndipo ngati mumalota zoweta nsomba yotchedwa mandarin, sankhani chimodzi, chifukwa onse awiri amadya ma copepod omwewo koma sixline ndi kothamanga, mandarin amaonda mpaka kufa inu mukuona.

Kushopu musafulumire kutulutsa ndalama. Imani mphindi khumi mukayang'ane, kakhale kakuyendayenda, maso owala, mimba yosaphwa, kosadzikanda pamiyala, kopanda timadontho toyera ngati mchere pathupi. Muuzeni wogulitsa aponye chakudya inu mukuona, kakapanda kudya kasiyeni, mudzabwere tsiku lina. Funsaninso kumene kachokera, chifukwa ku Philippines ndi ku Indonesia kuli asodzi ena amene amagwiritsa poizoni wa cyanide potulutsa nsomba zobisala m'makorali, nsomba yotero imaoneka bwino m'shopu koma nkudzafa pakapita masabata popanda chifukwa chooneka, makorali akumeneko nawo nkumafa.

Mukafika nako kunyumba kasalowe m'thanki yaikulu tsiku lomwelo. Kakhale kaye pakokha masabata anayi m'kathanki ka malita 40 kapena 60, kokhala ndi hita, fyuluta ya siponji yokhwima kale (yokhala kale ndi mabakiteriya oyeretsa madzi), zidutswa za mapaipi a PVC zobisalamo, ndi chivindikiro chomwe, musaiwale. Kumeneko ndi kumene mungaone ngati kali ndi matenda a timadontho toyera aja a Cryptocaryon kapena tizilombo ta m'malo opumira timene amachiza ndi praziquantel. Mankhwala a kopa (mkuwa), ochizira timadontho toyerato, asadzalowe m'thanki ya makorali ngakhale dontho, amapha makorali, nkhono ndi shirimpi ndipo amakanirira m'miyala. Ngakhale m'kathanki kapadera, wrasse sizipirira kopa ngati nsomba zina, muzikweza mlingo pang'onopang'ono mukuyeza ndi chida tsiku ndi tsiku, kakasiya kudya imani kaye.

Za magetsi nazo, amene muli kumene amazimazima, kaya ku Lilongwe kaya ku Johannesburg, gulani kapampu kampweya koyendera batire musanagule nsomba. Magetsi akazima chimene chimayamba kutha ndi mpweya m'madzi, madzi amchere sasunga mpweya wambiri ngati opanda mchere, ndiye maola ochepa chabe pampu itaima nsomba zimayamba kubwera pamwamba. Kapampuko kazikhala pafupi mabatire ali momwemo, ngati n'kotheka pampu imodzi yozunguza madzi muilumikize ku inveta. Nyengo yotentha ya Okutobala madzi akafika madigiri 28 ikani kafani kakupize pamwamba pa neti ija, koma dziwani kuti madzi aziuma msanga, ndiye botolo la madzi a RO lizikhala lodzaza pambali ndipo muziyang'ana mzere wa madzi m'mawa uliwonse musanadyetse.