Madzi Akafunda, Chepetsani Makoka Panyanja

Nsomba zikachepa pamalo pamene mwazolowera kuponya khoka, musafulumire kugula ukonde wina kapena kuchepetsa maso ake. Yambani mwafunsa kuti madzi asintha bwanji. Asodzi a panyanja zamchere, nkhaniyi ndi yanu, makamaka inu amene mumadalira nsomba zing'onozing'ono zoyenda m'magulu.

Nyanja ili ndi mitsinje yake yopanda magombe. Madzi apamwamba amakankhidwa ndi mphepo, koma poti dziko limazungulira, sayenda molunjika kumene mphepo ikupita. Kumpoto kwa ikweta, mzere wogawa dziko lapansi pakati, amapatukira kudzanja lamanja, kummwera amapatukira kumanzere. Katswiri wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1905. 

Chofunika kwa msodzi ndi ichi. Mphepo ikamaomba motsata gombe, gombelo lili kumanzere kwake kumpoto kwa ikweta kapena kumanja kwake kummwera, madzi apamwamba amathawira pakati pa nyanja, ndipo m'malo mwake mumakwera madzi ozizira ochokera pansi. Madzi amenewa amabwera ndi michere ya zinthu zonse zimene zinafa n'kuwolera pansi, ngati manyowa. Michereyo ikafika pamene dzuwa likuwala, tizomera tosaoneka ndi maso timachuluka, madzi n'kusanduka obiriwira. Tizilombo ting'onoting'ono timadya tizomerato, nsomba zazing'ono zimadya zonsezi, ndipo pambuyo pake pamabwera nsomba zazikulu ndi mbalame. Malo anayi otchuka ndi zimenezi ndi Humboldt kufupi ndi Peru ndi Chile, Benguela kufupi ndi Namibia, Canary kumpoto chakumadzulo kwa Africa, ndi California kumadzulo kwa America. Onse pamodzi sakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a nyanja, komabe pa nsomba zisanu zilizonse zogwidwa m'nyanja zamchere, pafupifupi imodzi imachokera kumeneko.

Tsono manyowa aja amatha kusiya kukwera. Ku Peru, pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, mphepo imafooka ndipo madzi ofunda amaphimba gombe lonse. Imeneyi ndiye El Niño. Mu 1970 asodzi a kumeneko anagwira nsomba zing'onozing'ono zotchedwa anchoveta zoposa matani 12 miliyoni. El Niño itabwera mu 1972, nsomba zinaunjikana m'timalo tochepa tozizira pafupi ndi gombe, ndipo maboti anapitiriza kukokolola. Pofika 1973 zogwidwa sizinakwane matani 2 miliyoni, ndipo panapita zaka zambiri zinthu zisanabwerere mwakale.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Khoka likadzaza m'chaka cha madzi ofunda, msodzi amayesa kuti nsomba zachuluka, pomwe zangothinana pamalo amodzi pothawa kutentha. Zimenezo ndiye mbewu ya chaka chamawa. Ine ndimati kulemera kwa khoka la tsiku limodzi si umboni wokwanira. Boma la Peru linaphunzirapo: anchoveta yosakwana masentimita 12 imawerengedwa kuti ndi mwana, ndipo mu 2023 linaletsa nyengo yoyamba yausodzi kumpoto ndi pakati pa gombe lawo litaona kuti ana a nsomba achuluka m'makoka oyesera.

Inu simukufunika sitima ya kafukufuku kuti mudziwe zimene madzi akuchita. Pezani kachipangizo koyezera kutentha, muzitunga madzi pamalo amodzi m'mawa uliwonse, n'kulemba m'kope limodzi ndi kumene mphepo ikuchokera komanso mtundu wa madzi. Obiriwira ndi ozizira ali ndi chakudya. Oyera mbee, oti mukuona mpaka pansi, amakongola m'maso koma nthawi zambiri ndi anjala. Yang'ananinso mzere wa thovu ndi zinyalala pamene madzi ofunda akumana ndi ozizira, chifukwa nsomba zimakonda kudyera m'mphepete mwake, ndipo mbalame zimakuuzani msanga.

Kope likaonetsa kuti madzi afunda kuposa zaka zina kwa milungu ingapo yotsatizana, khalani pansi ndi anzanu a padoko mugwirizane zochepetsa maulendo. Tapani nsomba zodzaza manja m'khoka lililonse, muziyeze. Zing'onozing'ono zikachuluka, chokanipo pamalopo ndipo muuze ofesi ya zausodzi. Musachepetse maso a ukonde pofuna kubweza zimene mwataya.

Ndipo ukonde wong'ambika bwererani nawo kumtunda. Madzi omwe aja amautenga n'kupita nawo kutali, ndipo umapitiriza kukola nsomba, akamba ndi mbalame kwa zaka, mwini wake ali kunyumba.