Ankawerenga bwino koma osaona kayalidwe ka mfundo

Ana anga a Sitandade 6 ankawerenga ndime ya malungo mosadodoma, koma ndikafunsa kuti wolemba wayala bwanji mfundo zake, kalasi yonse zii. Ndinasiya kufunsa za nkhaniyo, n'kuwauza kuti azidula mzere kunsi kwa mawu olumikiza okha. Akapeza "chifukwa" kapena "motero", ndiye kuti ndimeyo ikukamba choyambitsa ndi zotsatira: zithaphwi zimaswetsa udzudzu, udzudzu umafalitsa malungo. "Poyamba", "kenako", "pomaliza" ndi ndondomeko basi, ngati kaphikidwe ka nsima. Izi sanachedwe nazo.

Kuyerekeza ndiko kunatizunza masabata awiri, mpaka ndinabwera ndi chimanga ndi mapira m'kalasi. Tinkazigwira m'manja n'kumati "mofanana", "pomwe", "koma". Mtsikana wina wofatsa wokhala kumbuyo anadzuka yekha n'kugawa bolodi pawiri.